A Tidyenawo, Telala Wosalola Mlendo Kudya Nsomba Yekha

Mumzinda wathu uno munali munthu mmodzi amene akaona mlendo akudya yekha, ankachita ngati waona nyumba ikupsa: osafunsa kuti ndi ya yani, kungothamangirako basi. Tonse tinkawatchula kuti a Tidyenawo. Dzina lawo la pachiphaso ine ndinalimva koyamba tsiku la maliro awo, ndipo abusa atalitchula, ambirife tinayang'anana kuti mwina tasokera pamaliro a munthu wina.

Anali telala. Makina awo anali pakhonde la nyumba yogona alendo imene ine ndimagwirako ntchito pakauntala, moyang'anizana ndi depoti ya mabasi. Anali bambo wamfupi, woonda ngati singano yawo yomwe, tepi yoyezera ili m'khosi tsiku lililonse, kumutu kuli chipewa chimene chinasiyana ndi sopo kalekale. Kusoka ankasoka bwino akakumbukira. Koma ukawapatsa thalauza mvula ikuyamba, unkalivala m'chilimwe, chifukwa ntchito imene iwo ankaiona kuti ndi yeniyeni inali ina, ndipo panalibe amene anawalemba.

Mzinda wathu uli m'mphepete mwa nyanja. Ndiye mlendo aliyense akangoponya chikwama m'chipinda, amatsika n'kudzandifunsa funso limodzi lomwelo: "Kodi kuno nsomba zabwino amadyera kuti?" Ine ndisanatsegule pakamwa, makina pakhonde ankasiya kulira. A Tidyenawo anali ogontha khutu limodzi, ndipo khutu limenelo ndi limene ankalozetsa kwa eni mathalauza. Koma mawu akuti nsomba ankawamva kudutsa khoma la njerwa.

Ankalowa, n'kuvula chipewa.

"Pepani bambo, muli angati?"

"Ndili ndekha."

"Munali nokha. Tiyeni."

Ndimakumbukira bambo wina wa suti, amene anabwera kudzachita msonkhano wa kukampani yawo. Msonkhanowo unali wa 2 koloko. Anatulutsa foni n'kuwaonetsa a Tidyenawo.

"Musavutike, madala. Ndawerenga kale. Akuti malo abwino ndi hotela ya magalasi ija ya kudoko. Ili ndi nyenyezi zisanu."

"Nyenyezizo ndi zimene mukadye?"

"Anthu ambiri aiyamikira."

"Munthu akadya atavala tayi, savomera kuti watafuna mphira. Safunsa anadya phula, bwana, koma wofunsa foni amadya zoposa phula."

"Nanga kumene mukunenako ndi kutali?"

"Pompa."

Pompa ya a Tidyenawo tinkaidziwa ife. Unkadutsa mumsika, kukhotera kuseri kwa omata matayala, kuwoloka njanji, kuyenda pathabwa loyala pangalande, kenako iwo n'kunena kuti tsopano tayandikira. Njira yonseyo ankaphunzitsa malamulo awo. Malo amene apachika zithunzi za chakudya pakhomo usalowe, chifukwa nsomba imene inapeza nthawi yojambulitsa chithunzi inafa kalekale. Ukafika pakhomo, uyambe wayang'ana mphaka. Mphaka akakhala wonenepa, bwerera, ndiye kuti anthu amasiya zakudya m'mbale. Akakhala woonda, wankhope yodandaula, khala pansi. Ndipo uzidya kumene amadyera onyamula katundu a kudoko, poti munthu amene wasenza matumba kuyambira m'mawa sakhululukira wophika.

Bambo wa suti uja anakamufikitsa kwa Mai a Makala, mayi wina wootcha nsomba pansi pa malata anayi, kuseri kwa nyumba zosungira katundu. Matebulo analipo atatu, limodzi loimira pa njerwa. Nsomba itabwera, ikuchita thovu la mafuta, ndimu ali pambali, bamboyo anapempha foloko.

"Foloko ndi ya anthu amene anayambana ndi chakudya," anatero a Tidyenawo. "Sambani m'manja."

Bamboyo anabwerera cha m'ma 5 koloko, tayi ili m'thumba, malaya ali ndi dontho la mafuta pamimba, nsapato zili fumbi lokhalokha. Ndinkadikira kuti akalipe. Anangotsamira pakauntala n'kunena chapansipansi kuti, "Mayi, msonkhano uja achita popanda ine, ndipo ndamva kuti wayenda bwino kwambiri. Zimenezi zandiphunzitsa zambiri." Anawonjezera masiku awiri.

Ophika onse a mbali ya kudoko ankawaopa a Tidyenawo kuposa oyendera zaukhondo, chifukwa oyendera zaukhondo amabwera kamodzi pachaka, pamene iwo ankadutsa tsiku lililonse. Amene anaziona bwino ndi a Kaputeni. Bamboyu sanakwerepo ngakhale bwato, dzinali linachokera ku chipewa choyera chimene ankavala pophika. Ankaphika nkhanu za msuzi wa tsabola, zoti ukadya unkatuluka thukuta mpaka m'makutu, koma osafuna kusiya. Chaka china zinthu zitawayendera, anagula firiji yaikulu ngati bokosi la maliro, n'kuyamba kugula nkhanu za sabata yonse tsiku limodzi.

A Tidyenawo sanakangane nawo. Masana aliwonse ankadutsa pakhomopo ndi mlendo wawo, n'kuima, kuvula chipewa, kuweramitsa mutu, kukhala chete kanthawi.

Mlendo ankanong'ona, "Kwagwanji?"

Iwo ankayankha mokweza ndithu kuti odya m'katimo amve: "Nkhanu zinatisiya Lolemba. Mpaka lero sanaike."

Akatero ankavala chipewa n'kupitirira. Pofika sabata yachiwiri, onyamula katundu nawonso anayamba kuvula zipewa podutsa pamenepo. Mayi wina wogulitsa tomato anafika pogwada. A Kaputeni anabwera pakhonde pathu maso ali psuu.

"Achimwene, mukundiphera bizinesi."

"Ine? Ine ndikungopepesa maliro."

"Firiji ija ndi yamakono. Imasunga chinthu ngati changotuluka m'madzi."

"Ndiye lowanimo inuyo Lolemba, tidzakutulutseni Lachisanu, tione ngati akazi anu akakulandireni."

Mpaka lero firiji imene ija mumangokhala zakumwa.

Tsopano ndikuuzeni za dzinalo. Anthu osawadziwa ankaganiza kuti ndi mdyomba wotsatira mbale za eni, n'chifukwa chake anawapatsa dzina la Tidyenawo. Koma chodabwitsa n'chakuti bamboyu sankadya nawo. Ankakoka mpando, kukhala moyang'anizana ndi mlendo, kuitanitsa tiyi wopanda mkaka, basi. Ntchito yawo inali yolangiza: yambirani kumsana, mingayo ikani apa, mutuwo musasiye, muli nyama m'masayamo. Ukawauza kuti alaweko, ankati, "Woimbira mpira samenya nawo."

Tinakhala tikukhulupirira zimenezo mpaka kunabwera mayi wina wa geni ya nsalu, wathupi lake, wa mawu oti akamanong'ona amamveka kudepoti. Atakhala pansi kwa Mai a Makala, anaona a Tidyenawo akumuyang'ana ndi kapu yawo ya tiyi.

"Bambo, ine sindidya munthu akundiwerengera mbamu. Idyani."

"Ayi mayi, woimbira mpira..."

"Pano palibe mpira. Yasamulani."

Anabenthula nsomba n'kuwalozetsa pakamwa, anthu onse akuona. A Tidyenawo anayang'ana kudenga ngati akutsanzika, n'kuyasamula. Anatafuna mwaulemu, n'kumeza. Sipanapite mphindi khumi, milomo inatupa ngati chubu cha njinga, maso n'kutsekeka, makutu n'kufiira. Onyamula katundu anawakweza pangolo ya matumba n'kuthamangira nawo kuchipatala chaching'ono cha kudoko, mayi wa nsalu akutsatira pambuyo uku akulumbira kuti iye sanathire kanthu.

Atawabaya jakisoni, namwino anawafunsa, "Bambo, simudziwa kuti thupi lanu limadana ndi nsomba?"

"Ndikudziwa kuyambira ndili mwana."

"Nanga munadyeranji?"

"Mlendo sakanizidwa." Anapuma pang'ono, milomo ikulemera. "Koma wina akawauze Mai a Makala kuti mchere unachepa."

Umu ndi mmene mzinda wonse unadziwira kuti katswiri wathu wa nsomba anali asanalawe nsomba zaka makumi anayi. Ophika anakwiya tsiku lathunthu. A Kaputeni anafika pakhonde m'mamawa, a Tidyenawo asanavundukule n'komwe makina.

"Ndiye firiji yanga munainyozeranji, munthu wosalawa?"

"Ine ndimalawa ndi nkhope za anthu," anatero. "Lilime limanama, limachita manyazi ndi wophika. Koma munthu akasiya kulankhula, akaiwala kuti foni ikulira, akayamba kuyamwa chala osayang'ana amene akumuona, pamenepo palibe bodza. Kwanu kuja, nthawi ya firiji, anthu ankadya uku akucheza za ndale."

A Kaputeni anakanda m'mutu. Anafufuza tsiku limodzi lokha limene a Tidyenawo anatumizapo mlendo pamalo olakwika, osalipeza. Anachoka akung'ung'udza, koma masana ake anawasungira mpando.

Panali munthu mmodzi yekha amene nkhani zonsezi sizinkamuseketsa: akazi awo. Anali mayi wodekha, wosachulutsa mawu, amene ankabwera mwa apo ndi apo kudzatenga mathalauza a eni n'kukawamalizira kunyumba kuti banja lisachite manyazi. Tsiku lina anandiuza kuti, "Achemwali, amuna anga aperekeza dziko lonse kokadya. Ine ndadya ndekha masana zaka makumi atatu, nditayang'anizana ndi wailesi."

Ndinawafunsa kuti matenda operekeza alendo kokadyawa amuna awo anawatengera kuti. Anati bambowo anafika mumzinda muno ali mnyamata, opanda m'bale ngakhale mmodzi, ndipo chaka chathunthu ankadyera m'kantini ina kuseri kwa depoti, buledi ndi tiyi, atayang'ana kukhoma chifukwa cha manyazi. Chaka chonsecho palibe anawafunsa ngakhale dzina.

"Ine ndinkatsuka mbale m'kantinimo," anatero mayiwo. "Tsiku lina ndinawamvera chisoni, ndinakoka mpando n'kukhala nawo. Ndinadziputira ndekha. Ndikanadziwa kuti ndikuwaphunzitsa ntchito, ndikanapitiriza kutsuka mbale zanga."

Lachinayi lotsatira, cha m'ma 12, kunalowa mayi atavala diresi la kutchalitchi, kachikwama m'manja, magalasi akuda kumaso. Ndinachita kuyang'anitsitsa kuti ndiwazindikire. Anaima pakauntala n'kufunsa mokweza, "Kodi kuno nsomba zabwino amadyera kuti?"

Makina pakhonde anasiya kulira. A Tidyenawo analowa chipewa chili m'manja.

"Pepani mayi, muli anga..." Apa m'pamene anazindikira kuti ndi akazi awo.

"Ndili ndekha," anatero akazi awo. "Ndipo ndayamba kalekale."

Sindinaonepo munthu akuchepa ngati tsiku limenelo. Anavula tepi m'khosi, chinthu chimene sankachita ngakhale posamba, n'kuipinda, n'kuwanyamulira akazi awo kachikwama. Mai a Makala amati tsiku limenelo bamboyo sanalangize chilichonse, anangokhala akuchotsa minga n'kumasunthira mnofu mbali ya akazi awo. Kuyambira pamenepo Lachinayi linali la mayi. Mlendo wofika Lachinayi ankauzidwa kuti apirire ndi mabisiketi mpaka mawa.

Si alendo onse ankawafuna, ndipo ena ankanena mosabisa. Kunabwera mphunzitsi wina, mayi wachikulire ndithu, wosaseka, amene analemba dzina lake m'buku mwathu ngati akulemba pabolodi. Atafunsa funso lija, a Tidyenawo n'kutulukira, iye anawadula.

"Bambo, ndilozereni njira basi. Ndikufuna kudya ndekha, ndipo sindikufuna kulankhula ndi munthu."

"Zamveka, mayi."

Anayenda patsogolo pake mapazi khumi, osatembenuka, mpaka kwa a Kaputeni. Mayiyo atakhala, iwo anakakhala patebulo lina, atamufulatira, nkhope kukhoma. Zimene zinachitika kumeneko anandiuza ndi mayiyo mwini wake. Akuti atangoyamba kulimbana ndi nkhanu, anamva mawu.

"Khoma iwe, ukadzadya nkhanu usadzayambire kumiyendo. Uyambe watsegula chigobacho."

"Bambo, ndanena kuti sindikufuna kucheza."

"Sindikulankhula ndi inu, mayi. Ndikulangiza khomali. Ndi lachilendo kuno."

Patapita kanthawi: "Khoma iwe, msuziwo sasiya. Ngati ukuchita manyazi kumwera m'mbale, ine sindikuona."

Mayiyo akuti anayesetsa kulimba, koma kuseka kunamupulumuka, ndipo kusekako kutatha kunatsala misozi. Anayamba kuliuza khoma lomwelo. Anali atabwera kuchipatala chachikulu kudzamva zotsatira za chotupa chimene anamupeza nacho m'bere. Ana ake sanawauze, kuopa kuwadetsa nkhawa. Masiku atatu chakudya chinali chisakulowa.

A Tidyenawo sanatembenuke. Anangoti, "Khoma iwe, kuchipatalako ukupita nthawi yanji?"

M'mawa mwake makina sanavundukulidwe. Anakakhala pabenchi la kuchipatala maola anayi, chipewa chili pamaondo. Mayiyo atatuluka anati, "Akuti andichita opaleshoni."

"Liti?"

"Mwezi wamawa."

"Ndiye lero nthawi ilipo. Kuli msuzi wa mitu ya nsomba kuseri kwa njanji."

Mphunzitsiyo anabweranso kasanu chaka chimenecho, ulendo wachiwiri ali ndi mwana wake wamkazi, poti a Tidyenawo anamuuza kuti khoma silingamusinthe mabandeji. Ali moyo mpaka lero.

Miyendo ndi imene inayamba kuwakana. Inkatupa, ndipo pompa ija inasanduka kutali kwenikweni. Anayamba kujambula mapu ndi choko cha utelala pazidutswa za nsalu n'kumapatsa alendo. Mapuwo anali okongola, koma zizindikiro zake zinali monga "pamene panali mtengo" ndi "pakhomo pa malemu wometa uja." Mlendo wina anakathera kumanda, wina kupolisi. Onse ankabwerera ndi njala, a Tidyenawo n'kumawakalipira kuti sadziwa kuwerenga. Kenako anasiya kubwera pakhonde. Anamwalira kunyumba kwawo masana a tsiku lina lotentha, atangomaliza kudya nyemba ndi akazi awo. Mayiwo akuti anapita kukatsuka mbale ziwiri, pobwera anapeza agona pampando, chipewa chitaphimba nkhope.

Pamaliro panadzaza ophika, ena oti anali asakulankhulana zaka khumi. Poyamba ankalira mwaulemu. Kenako Mai a Makala, akupukuta misozi, ananena kuti, "Malemuwa anandiuzapo mwachinsinsi kuti mumzinda wonse uno ine ndine wachiwiri."

A Kaputeni anadzutsa mutu. "Wachiwiri ndine. Anandiuza atandigwira dzanja."

Mayi wa msuzi wa mitu anati nayenso anauzidwa zomwezo, kuwonjezera kuti asauze munthu. Atawerengana, achiwiri anapezeka khumi ndi mmodzi. Anapita onse kwa mayi wamasiye, n'kugwada, kufunsa kuti nanga woyamba anali ndani.

"Kunalibe," anatero mayiwo. "Ankati wophika ukamuuza kuti ndi woyamba, mawa lake amadzuka mochedwa."

Anaseka anthu pamaliro paja mpaka abusa anatsokomola, kenako analira kuposa poyamba.

Masiku ano zinthu zikuyenda mwadongosolo, ndisaname. Abwana athu anasindikiza pepala la malo odyera, lokhala ndi manambala a foni ndi mivi yolozera, ndipo ndimangopereka. Palibe mlendo amene amaphonya msonkhano. Palibe amene amabwera ndi malaya othimbirira. Pakhonde paja panakhala bambo wina wogulitsa zotchajira mafoni, munthu wabwinobwino, amene amakhala atatseka makutu onse awiri ndi nyimbo. Madandaulo m'buku lathu anatheratu, ndipo abwana amati umenewu ndiye ukadaulo.

Mwezi wathawu ndinayesako ine. Kunafika bambo wina wachikulire, wa jekete lalikulu kuposa thupi lake, akuoneka kuti mzinda wamuchulukira. Nthawi yanga yopuma inali itakwana, ndiye ndinalimba mtima n'kunena kuti, "Bambo, ngati simudandaula, ndikuperekezeni. Nanenso sindinadye."

Anandiyang'ana, n'kukokera chikwama chake pachifuwa.

"Zikomo mayi, musavutike. Ndili ndi foni."

Ndinamuona akuwoloka msewu, akutembenuza foniyo uku ndi uku. Sipanathe mphindi makumi awiri anabwera ndi kajumbo m'manja, n'kukwera kuchipinda chake, n'kukhoma chitseko. Chipindacho chili pamwamba penipeni pa kauntala yanga. Ndinamva akukoka mpando, kenako anatsegula TV mokweza, kuti m'chipindamo mumveke mawu a munthu.